Mtolo umodzi kapena timitolo

Pali timasekondi tina timene tonse timatidziwa ngakhale sitinatipatse dzina. Munthu wakutumizirani link pa WhatsApp, mwaidina, foni yatsegula browser, kenako zii. Sikirini yangoti mbee. Kamzere ka pamwamba kakukwawa ngati bilimankhwe, inu maso ali pakona kuona ngati kakadali pa 4G kapena katsikira pa H, mwinanso pa E. Ambiri timangoti netiweki yavuta, ena timayamba kuwerengera chamumtima kuti kodi bandulo ija tinagula liti. Nthawi zambiri netiweki imakhaladi ndi mlandu. Koma nthawi zina mawu amene mukufuna kuwerengawo amakhala atafika kale m'foni mwanu. Ali momwemo onse, kuyambira mutu mpaka mzere womaliza. Browser ikungokana kukuonetsani, chifukwa ikudikira fayilo ina yotchedwa CSS.

Ine ndimadyera fayilo imeneyo. Kwathu amati ndimakonza makompyuta, ndipo ndinasiya kalekale kutsutsa, chifukwa tsiku limene ndinayesa kufotokozera amalume kuti ndimapanga mawebusayiti anangondipatsira foni yawo yosweka galasi kuti ndiione. Koma inu amene mukuwerenga izi pa foni mundimvetsa, poti nkhaniyi imachitikira m'manja mwanu tsiku ndi tsiku.

Tsamba lililonse la pa intaneti lili ndi thupi ndi zovala. HTML ndiyo thupi: imanena kuti uwu ndi mutu wa nkhani, iyi ndi ndime, apa pali chithunzi, apa pali batani. CSS ndiyo imaveka: mutu ukule bwanji, batani likhale la mtundu wanji, pa foni zinthu zitsatane chotsika koma pa laputopu zikhale moyandikana. Ganizo la CSS analipereka Håkon Wium Lie mu 1994, ali ku CERN, komwe kunabadwira World Wide Web. Anagwira ntchitoyo limodzi ndi Bert Bos, ndipo mu Disembala 1996 bungwe la W3C linavomereza CSS yoyamba. Tingoti ine ndi CSS ndife a msinkhu umodzi.

Browser ikamawerenga HTML n'kupeza mzere wonena kuti pali CSS yoti itenge, imasiya kaye kujambula. Chifukwa chake n'chomveka. Ikanati ikuonetseni tsamba losavala, zovala n'kufika pambuyo, zinthu zikanadumphadumpha pamaso panu, mzere umene munayamba kuwerenga n'kuthawira pansi, chala chanu n'kudina batani limene simunalifune. Ndiye imachita ngati munthu amene wamva odi ali kubafa: amakuuzani kuti dikirani pang'ono, satuluka momwemo. Zithunzi zikhoza kubwera mochedwa, tsamba limaoneka ndithu popanda izo. CSS ikachedwa, zonse zimaima.

Tsono webusayiti imakhala ndi masamba ambiri, ndipo lililonse lili ndi zovala zake. Tsamba loyamba lili ndi zithunzi zoyenda zokha zija, tsamba lolembetsera lili ndi mabokosi a fomu, la zochitika lili ndi kalendala. Funso limene limatigawanitsa ife opanga ndi ili: kodi timange zonse mtolo umodzi, munthu asenze kamodzi n'kuthana nazo, kapena tsamba lililonse likhale ndi kamtolo kake? Likumveka ngati funso la anthu osowa chochita. Ine ndinakangana ndi munthu sabata yathunthu pa funso limeneli.

Mtolo umodzi uli ndi mbiri yabwino, ndipo amene anauyambitsa sanali opusa. Amene munakulira pakhomo pamene mwana womaliza ndinu mukudziwa kutumidwa kugolosale. Pita ukagule mchere. Wabwera. Aa, ndinaiwala machesi, thamanga. Wabwera. Nanga sopo? Katunduyo salemera, chotopetsa ndi ulendo. Pa intaneti ya HTTP/1.1, imene inakhazikitsidwa mu 1997, fayilo iliyonse inali ulendo wakewake, ndipo browser inkalola kutuma ana pafupifupi 6 okha nthawi imodzi ku seva imodzi. Mukakhala ndi mafayilo 30, enawo ankaima pamzere kudikira kuti anzawo abwere.

Ndipo golosale yake siili kuseri kwa nyumba. Mawebusayiti ambiri amene ndagwirapo ntchito amasungidwa pa maseva a ku Ulaya kapena ku America, ngakhale eni ake ndi owerenga ake ali konkuno. Kuchokera ku Lilongwe kufika ku London, mutati muwongole chingwe osakhota, ndi makilomita pafupifupi 8,000. Kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi mkati mwa chingwe cha fibre, ndiye kupita ndi kubwera kokha ndi mamilisekondi 80, zonse zitayenda bwino kwambiri. Koma chingwe sichiwongoka. Dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere, chimayenera kudutsa kwa anansi athu kaye, kenako pansi pa nyanja, ndipo musanafike n'komwe ku chingwecho pali kaulendo ka pakati pa foni yanu ndi nsanja ya netiweki, komwe nthawi zambiri ndi kumene kumathera nthawi. Ulendo uliwonse umene mwaupewa ndi phindu.

N'chifukwa chake Steve Souders, amene ankayang'anira za liwiro la masamba ku Yahoo, polemba buku lake la High Performance Web Sites mu 2007 anaika lamulo lochepetsa maulendowa kukhala loyamba pa onse. Zida zathu zinatsatira. Ruby on Rails 3.1 itatuluka mu 2011 inabwera ndi makina omangira mtolo, ndipo munali kamzere kamodzi, require_tree, kamene kankasesa CSS yonse ya mu foda n'kuithira mu fayilo imodzi. Choseketsa n'chakuti Rails yomweyo inkakupangirani fayilo ya CSS yapadera pa gawo lililonse la webusayiti, dzina lake lofanana ndi gawolo. Wophunzira ankaganiza kuti fayilo ya gawo la makasitomala izipita ku masamba a makasitomala okha. Ayi ndithu. Zonse zinkakathera mumphika umodzi.

Zimene timalemba sizimene foni yanu imalandira. Ambiri timalemba mu Sass, chiyankhulo chimene Hampton Catlin anayambitsa mu 2006 ndipo Natalie Weizenbaum anachikulitsa. Chimakulolani kupatsa mtundu dzina, tinene kuti wobiriwira wa kampani, n'kumangoitana dzinalo paliponse, komanso kugawa ntchito yanu mu timafayilo tambirimbiri toti munthu azitha kutiwerenga. Browser sidziwa Sass. Pamafunika makina oti amasulire zonsezo kukhala CSS wamba, kenako ena amachotsa mipata, mizere yopanda kanthu ndi ndemanga zathu zonse, mpaka fayilo imakhala chimzere chimodzi chachitali chosawerengeka. Potumiza, seva imaifinyanso ndi gzip kapena Brotli, monga momwe amafinyira zovala mu belo, foni yanu n'kukamasula.

Chimene ndimachikonda kwambiri pa ndondomeko yonseyi ndi dzina. Makina akamaliza kumanga mtolo amaupatsa dzina lokhala ndi zilembo ndi manambala osamveka, ochokera ku zimene zili mkatimo. Mukasintha ngakhale kadontho kamodzi, dzina limasintha. Zikatero seva imatha kuuza foni yanu molimba mtima kuti fayilo iyi isunge chaka chathunthu, usadzandifunsenso, chifukwa tsiku limene idzasinthe idzabwera ndi dzina lina. Kusunga kumeneku timati cache. Ndiye mwasenza mtolo kamodzi pa tsamba loyamba, masamba ena onse mukungolowa ulele. Ndi nzeru yaukhondo, ndipo tsiku limene ndinaimvetsa ku koleji ndinasangalala ngati ndaitulukira ndine.

Vuto la mtolo umodzi amalidziwa bwino ndi amayi ogulitsa kaunjika. Belo sumasankha. Umagula lonse lomangidwa, ukalitsegula kunyumba ndiye umaona kuti madiresi oyenda malonda ndi owerengeka, zina ndi majuzi a chisanu cha kwa eni ake amene mwezi wa Okutobala palibe angawayang'ane. Kusiyana kwake n'kwakuti mayi wa kaunjika amadziwa kuti akutchova juga. Inu mukadina link simudziwa kuti mwagulitsidwa belo lonse pomwe mumafuna malaya amodzi.

Kuyambira 2017, Chrome ili ndi kachida ka opanga mawebusayiti kotchedwa Coverage. Mumatsegula tsamba, iko n'kukuonetsani mbali ya CSS imene yatsitsidwa koma sinagwire ntchito, ndipo mbali imeneyo kamaipaka mtundu wakewake. Ndimakonda kukayesa pa mawebusayiti a anthu ena, khalidwe loipa ngati losuzumira m'khitchini mwa eni, ndipo kawirikawiri mzerewo umakhala wa mtundu umenewo pafupifupi wonse. Gwero lake nthawi zambiri ndi Bootstrap, zovala zosokeratu zimene Mark Otto ndi Jacob Thornton anatulutsa ali ku Twitter mu 2011. Bootstrap ndi yabwino, inatiphunzitsa ambirife ntchito. Koma CSS ya Bootstrap 5.3 imaposa 200 KB, ndipo ikafinyidwa potumiza imatsikira cha m'ma 30 KB. Pamwamba pake munthu amawonjezera zilembo zokongola, tizithunzi ta mabatani, CSS ya kalendala, ya zithunzi zoyenda, ya matebulo, ndiye n'kudzaikanso yake.

Yankho la nthawi zonse ndi cache ija: asenza kamodzi kokha. Koma mawu amenewa amaganizira munthu amene adzabwerenso, ndipo akadzabwera adzapeza katundu wake ali pomwe anamusiya. Owerenga amene ine ndimawadziwa sali choncho. Amafika pa tsamba limodzi kudzera pa link ya mu gulu la WhatsApp, aona chimene amafuna, atseka, basi. Akadina pa Facebook, tsamba limatseguka mu browser ya mkati mwa Facebook momwemo, imene sigawana cache ndi Chrome, ndiye ngakhale anabwerapo dzulo akhoza kusenzanso. Foni ikadzaza ndi mavidiyo a ukwati, chinthu choyamba kufufutidwa ndi cache yomweyo. Kale tinkadzitonthozanso kuti tikatenga Bootstrap pa seva yotchuka imene mawebusayiti ambiri amatengapo, munthu adzakhala ali nayo kale kuchokera kwina. Zimenezo zinatha mu 2020, Chrome itayamba kupatsa webusayiti iliyonse nkhokwe yakeyake pofuna kuteteza zinsinsi za anthu. Ndipo dzina losintha lija lili ndi mbali yake yowawa: ndikasintha mtundu wa batani limodzi la mu ofesi, dzina la mtolo wonse lasintha, aliyense atsitsenso zonse.

Mkangano umene ndanena uja unabuka pa ntchito ya kabungwe kena kophunzitsa achinyamata ntchito zamanja: ukalipentala, kusoka, kuwotcherera, zamagetsi. Webusayiti yawo tinkaipanga anthu awiri, ine ndi mkulu wina amene anayamba ntchitoyi ine ndili ku pulayimale. Eni ake ankafuna zambiri, monga mwa nthawi zonse. Tsamba loyamba la zithunzi zoyenda, malo a zithunzi za omaliza maphunziro, kalendala, fomu yofunsira malo, ndi chigawo chachikulu cha mkati chimene amalowamo ogwira ntchito okha, chodzaza matebulo ndi ma graph. Koma aliyense pa bungwepo ankadziwa kuti tsamba limene limatsegulidwa kwambiri ndi limodzi, ndipo limatsegulidwa masiku owerengeka pa chaka: mndandanda wa amene atengedwa. Mayina okhaokha, ndi tsiku loti akafike. Amene amalitsegula ndi anyamata ndi atsikana amene ambiri ali kumudzi, ena pa foni yobwereka, atagula kabandulo ka tsiku limodzi chifukwa cha tsamba lomwelo.

Tinkagwiritsa ntchito Laravel, imene kuyambira 2022 imamanga mitolo yake ndi Vite, chida cha Evan You. Mu Vite muli fayilo imene mumalembamo mndandanda wa mitolo yoti imangidwe. Mnzangayo analembamo mzere umodzi. Ine ndinkafuna mizere ingapo.

"Achemwali," anatero, "mukufuna kudzipangira ntchito. Fayilo imodzi, dzina limodzi, cache imodzi. Chikavuta ndikudziwa koyang'ana."

Ndinati, "Achimwene, mwana akufuna kuona dzina lake. Bwanji asenze ma graph a akauntanti?"

"Ma KB angati? Mwawerenga? Chithunzi chimodzi cha abwana akudula riboni chikuposa CSS yathu yonse."

Apa ananena zoona, ndipo tisanamizane: pa ndalama, CSS si imene imakudyerani bandulo. Zithunzi, mavidiyo ndi JavaScript ndiwo akuluakulu a kudya. Munthu amene angakuuzeni kuti wapulumutsa ndalama za amphawi pogawa CSS akudzikometsera. Nkhani yanga inali ya nthawi. Chithunzi cha riboni chikhoza kubwera mawa, mayina adzaoneka popanda icho. Koma CSS ili pakhomo, yatsekereza, ndipo pa netiweki imene ikubwera n'kumapita, sekondi iliyonse imene tsamba likadali loyera ndi mpata woti kulumikizana kuduke, munthu n'kuyambiranso. Wina amayesa kawiri, katatu, kenako amabweza foni kwa mwini wake poganiza kuti mayina sanatuluke.

Mnzangayo sanatsutse zimenezo. Mantha ake anali kwina, ndipo anali mantha a munthu amene zinamuonekerapo. Anandikumbutsa kuti pa laputopu, pamene mukupanga, Vite imakupatsani fayilo iliyonse imene mwaitana, kaya ili pa mndandanda kaya palibe. Zonse zimaoneka bwinobwino. Mukakweza ku seva yeniyeni ndi pamene fayilo yoiwalika ija imasowa, ndipo Laravel sinyengerera: tsamba lonse limagwa n'kunena kuti fayiloyo siikupezeka. "Ndipo zimenezi," anatero, "zimachitika Lachisanu usiku, magetsi atazima, inu muli ku chinkhoswe."

Mantha ake achiwiri anali akuya kuposa amenewa, ndipo ali m'dzina lenilenilo la CSS. Chilembo choyambacho chikuimira cascade, kutanthauza mathithi, madzi ogwa kuchokera pamwamba. Malamulo a CSS sadziwa malire a fayilo. Mukalemba kuti batani likhale lobiriwira, mwalamula mabatani onse a pa tsamba limene fayiloyo yafikapo. Malamulo awiri akatsutsana, browser imaona kaye limene laloza chinthucho mwachindunji kwambiri. Akafanana mphamvu, limapambana lolembedwa pomaliza. Ili ngati bwalo limene woyankhula womaliza ndiye wawina mlandu. Mu mtolo umodzi, dongosolo la oyankhula limakhazikika tsiku lomanga, ndipo ndi lomwelo kwa aliyense. Mukagawa, dongosolo limadalira kuti mafayilo aitanidwa motsatana bwanji pa tsamba lililonse.

Anandisimbira za webusayiti ina yakale, ya mtundu uja umene tsamba silitsegukanso lonse mukadina koma limangosintha mkati, CSS n'kumabwera pang'onopang'ono pamene mukuyenda. Kasitomala anaimba kuti batani lolipirira ndi lotuwa. Iye atatsegula anapeza lobiriwira. Anakangana masiku awiri, aliyense akuganiza kuti mnzake sakuona bwino. Zoona zake zinali zakuti onse ankaona bwino: amene wafika pa tsambalo kuchokera ku tsamba loyamba ankaona mtundu wina, amene wadzera ku tsamba la katundu ankaona wina, chifukwa timitolo tinkafika mosiyana ndipo woyankhula womaliza ankasintha. Cholakwika chimene chimadalira njira imene munthu wadzera n'chovuta kuchigwira kuposa mfiti.

Anthu a ntchito yathu akhala akulimbana ndi mathithi amenewa kwa zaka. A ku Yandex anabweretsa BEM, kalembedwe kopatsa chinthu chilichonse dzina lalitali losafanana ndi lina, ngati mwana wopatsidwa dzina lake, la bambo ndi la mudzi. Mu 2015 kunabwera CSS Modules, imene imasintha mayinawo yokha pomanga kuti a fayilo ina asagundane ndi a ina. Njira yachikale, imene ine ndimaikondabe pa ntchito zing'onozing'ono, ndi kupatsa tsamba lonse dzina n'kulemba malamulo ake onse pansi pa dzinalo, kuti ngakhale atasochera asakalamule kwa eni.

Palinso msampha wina umene ogawa amagwamo. Tsamba lililonse limafuna zinthu zofanana: mitundu, zilembo, mabatani, mutu ndi phazi la webusayiti. Ngati kamtolo kalikonse kaitana zimenezi pakokha, Sass imazikopera mokhulupirika mu kalikonse, ndiye munthu woyenda masamba 5 watsitsa mabatani omwewo kasanu. Mwathawa belo limodzi n'kugula mabelo asanu. Kufinya nakonso kumakonda fayilo yaikulu, chifukwa gzip imapindula ndi mawu obwerezabwereza, ndipo timafayilo ting'onoting'ono tambiri tikaphatikizidwa timalemera kuposa chimodzi chachikulu cha zomwezo. Ndiye ngakhale HTTP/2, imene inabwera mu 2015, inalola kuti mafayilo ambiri adzere pa msewu umodzi nthawi imodzi, mwana mmodzi n'kubwera ndi mchere, machesi ndi sopo ulendo umodzi, sizinatanthauze kuti tizigawa mpaka fumbi. Zinangochotsa chilango chachikulu chimene chinkatikakamiza kumanga zonse pamodzi.

Wina anena kuti bwanji osangochotsa zosagwira ntchitozo. Zida zake zilipo. PurgeCSS imawerenga masamba anu n'kutaya lamulo lililonse limene dzina lake silikupezekamo. Imagwira ntchito, koma siganiza: dzina limene pulogalamu imalipanga polumikiza zidutswa pamene ikuyenda, iyo siliona, ndiye imalitaya, ndipo mudzadziwa tsiku limene uthenga wochenjeza udzatuluke wopanda kufiira kwake. Tailwind, ya Adam Wathan, imayambira mbali inayo: imapanga malamulo okhawo amene mwawatchula, ndipo fayilo yake imatuluka yaing'ono moti funso logawa limachepa mphamvu. Anzanga ambiri anasamukira kumeneko. Ine HTML yake imandionekera ngati minibasi yomatidwa zomata thupi lonse, koma zimenezo ndi zokonda zanga, si mlandu. Pa ntchito ya bungwe lija sizikanatithandiza msanga, chifukwa chigawo cha mkati chinali chitamangidwa kale pa Bootstrap ndi zida zina zobwera ndi CSS yawoyawo.

Lachinayi tinasiya kuyankhula, tinatsegula Chrome. Mu zida zomwe zija muli pochepetsera liwiro dala kuti laputopu iziyenda ngati foni ya pa 3G yofooka. Ndimaona kuti wopanga mawebusayiti aliyense amene amagwira ntchito pa WiFi ya mu ofesi azikakamizidwa kukhala tsiku limodzi pa sabata atatsegula chimenechi. Tinafufuta cache, tinatsegula tsamba la mayina ndi mtolo umodzi uja, tonse manja ali pachibwano. Kenako tinayesa ndi CSS ya mutu, zilembo ndi tebulo yokha. Sitinafunike wotchi. Pa ulendo wachiwiri mayina anaoneka mnzangayo asanamalize kukweza kapu ya tiyi kukamwa.

Sanagonje, ndipo sindinkafuna kuti agonje, chifukwa zimene ankaopa zinali zenizeni. Tinagwirizana pakati, koma pakati pake posalingana. Pali mtolo wa maziko, waung'ono, umene tsamba lililonse limatenga ndipo nthawi zonse umaitanidwa poyamba: mitundu, zilembo, mabatani, mutu ndi phazi. Umenewu susinthasintha, ndiye cache imaugwira bwino. Chigawo cha ogwira ntchito chili ndi mtolo wake waukulu, Bootstrap ndi ma graph ake onse, ndipo munthu wakunja sakumana nawo. Masamba atatu olemera, la zithunzi zoyenda, la kalendala ndi la fomu, lililonse lili ndi kamtolo kake kobwera pambuyo pa maziko, malamulo ake onse ali pansi pa dzina la tsambalo. Timafayilo ta Sass togawana tinatisiyira mayina a mitundu ndi miyeso basi, topanda lamulo lotuluka, kuti pasakhale kukopera. Tsamba la mayina silitenga chilichonse chowonjezera. Maziko okha alikwanira.

Ine ndinkafuna kupitirira. Kulumikizana kwatsopano kukangoyamba, seva situmiza zambiri nthawi imodzi, imayamba ndi pafupifupi 14 KB n'kudikira kumva kuti zafika isanawonjezere. Ndiye pali njira yolowetsa CSS yofunikira kwambiri mkati mwa HTML momwemo, kuti thupi ndi zovala zifike pa ulendo woyamba womwewo, popanda kutumanso mwana. Pa tsamba la mayina zikanatheka. Mnzangayo anati ayi, pamenepo ndiye tayamba kusunga malamulo omwewo malo awiri, ndipo tsiku lina wina adzasintha kumodzi n'kuiwala kwinako. Ndinaona kuti sabata yakwana, ndinamusiyira imeneyo.

Chimene anapempha n'chakuti pakhale kayeso kodziyendera kokha, kotsegula tsamba lililonse ndi mitolo yomangidwa kale tisanakweze chilichonse ku seva, kuti fayilo yoiwalika izigwidwa masana ife tili pampando. Anakalemba yekha madzulo omwewo. Mndandanda wa mu Vite uja tsopano uli ndi mizere 5, ndipo m'mawa mwake nditatsegula ndinapeza waikapo ndemanga pamwamba pake, m'Chichewa, pakati pa Chingerezi chonse cha mu fayiloyo: "Mukawonjezera tsamba lokhala ndi CSS yake, lembani pano. Mukaiwala, muimbire achemwali, osati ine."